Kalasi ya crow pose: kaphunzitsidwe ndi bho, koma pakhomo safunsa za thanzi lako

Pa nyenyezi 5 eni kalasiyi ndikuwapatsa 4, ndipo imodzi ndachotsayo si chifukwa cha kaphunzitsidwe ayi, ndi chifukwa cha zomwe zimachitika usanaponde n'komwe pa mat. Ndifikako. Kalasi ndikunenayi ndi ya yoga koma osati yongodziwongola kenako n'kugona chagada maso ali tseke ija, iyi ndi yophunzitsa kunyamula thupi lonse ndi manja mapazi ali m'malere, ndipo kwa ongoyamba kumene amaphunzitsa kaimidwe kamodzi basi, kaja ambiri amangoti crow pose, dzina lake la ku India ndi Kakasana. Mukaona wina akuchita zomwezo koma mikono atawongola nde Bakasana imeneyo, ngakhale aphunzitsi ambiri amangosakaniza mayina awiriwa ndipo palibe amene amadandaula nazo.

Kwa amene simunakaonepo kamakhala chonchi, umanyonyomala, n'kuika zikhatho pansi motalikirana mofanana ndi mapewa ako, zala utatambasula, mawondo umawakhazika kumbuyo kwa mikono chakumtunda kufupi ndi m'khwapa, kenako umapendekera kutsogolo pang'onopang'ono mpaka mapazi anyamuka. Ukaona pa Instagram umangoti izi ndi za anthu a ku jimu okhaokha, koma nkhani yake si ya mphamvu kwenikweni, ndipo kalasiyi phindu lake lalikulu lagona pokuonetsa zimenezo.

Mayi amene amaphunzitsawo sathamangira zonyamuka. Chigawo chachikulu cha phunziro loyamba chinathera pa mfundo ya dzanja, pomwe timamanga wotchi paja, mpaka ena m'kalasimo anayamba kuyang'anana kuti kodi tabwerera zopukusa manjazi eti. Koma anafotokoza momveka. Pamfundo imeneyi pali timafupa 8 tating'onoting'ono tomwe tinakhala m'mizere iwiri, ntchito yake ndi yoti dzanja lizitembenuka momasuka, kugwira zinthu, kulemba, osati kusenza munthu wathunthu mmene limachitira phazi. Nde mu crow dzanja limapindikira kumbuyo mpaka madigiri 90, pena kupitirira ukapendekera kwambiri, pomwe anthu ambiri dzanja lawo akalipinda lokha osalikankha limathera cha m'ma 70. Mpata wotsalawo ndi umene umabweretsa ululu, makamaka kwa ife amene timakhalira kompyuta ndi foni tsiku lonse dzanja osalipindako kumbuyo olo kamodzi.

Mafizo a manjawo ndi ophweka kuwaona koma amawawa mwamtundu wake. Umagwada manja ali pansi n'kumasuntha thupi kutsogolo ndi kumbuyo pang'onopang'ono kuti mfundo izolowere kulemera. Ukatero umatembenuza manja, zala kuloza ku mawondo, n'kukhalira kumbuyo pang'ono mpaka umve kukoka mkati mwa mkono. Palinso yogoneka kuseri kwa dzanja pansi, iyi amati osaikapo thupi lonse, pang'ono chabe. Yomwe inandimaliza ine ndi yowongola mikono kutsogolo n'kumafumbata ndi kutambasula zala mwachangu osaleka, imaoneka yachibwana koma isanathe mphindi imodzi mikono imakhala yatentha kale ndipo kalasi yonse nkhope zili nyaa.

Kaikidwe ka chikhatho nako amakatenga serious. Amayenda m'kalasimo akuwerama pa munthu aliyense n'kuyesa kulowetsa chala chawo pansi pa tsinde la chala chako cholozera, chikangolowa basi dziwa kuti wanyamula mbali imeneyo ndipo kulemera konse kwathawira kumunsi kwa chikhatho, pamfundo penipeni, pomwe sipafunika. Amafuna chikhatho chonse chigwire pansi, nsonga za zala zikanikize mat mpaka zikhadabo zisinthe mtundu. Chifukwa chake ndi choti ukakhala m'mwamba muja n'kuyamba kupitirira kutsogolo, chokubweza ndi zala, ntchito yomweyo yomwe zala zakuphazi zimagwira ukaima wina n'kukukankha pang'ono kumsana. Zimenezi mavidiyo ambiri amangodutsapo mwachangu, apa anakhalapo mpaka aliyense wamva.

Tsopano pa nkhani yonyamukayo ndi pomwe ndinaona kuti mayiwa ntchito yawo amaidziwa. Amati thupi lili ngati sikelo, manja ndiwo pakati, mbali ina kuli mutu ndi chifuwa mbali ina kuli matako ndi miyendo, nde ngati mbali ya kumbuyo ikulemerabe mapazi sanganyamuke olo utakhala ndi mphamvu zotani. Uyenera kupititsa mutu ndi chifuwa kutsogolo mpaka zigongono zifike pamwamba pa mfundo za manja, pamenepo mapazi amapepuka okha, sumachita kuwadumphitsa. Vuto ndi loti kupita kutsogolo kumeneko nkhope imakhala ikuyandikira pansi, ndipo thupi limakana, limangoti ayi apa tivulala. Nde ambiri amaima panjira n'kuyamba kudumpha ndi mapazi kuti mwina zitheka, zomwe ndi zoopsa kuposa kupendekera komwe akukuopako.

M'kalasi mwathu munali mnyamata wina wa thupi la ku jimu, mikono ili mbwee, mapushapu amapanga osawerenga. Ameneyu anavutika koopsa, amadumpha, amagwa chambali, amadzukanso, thukuta lili kamukamu. Pambali pake panali mayi wina wachikulire ndithu, woonda, amene plank, kuja kotsamira pa manja ndi zala zakuphazi thupi lili lowongoka ngati ukuyamba pushapu, imamuvuta kukhalitsa, koma atangouzidwa kuti ayang'ane kutsogolo osati pakati pa manja, anapendekera phee, phazi limodzi nyamu, linalo nyamu, n'kukhala m'malere kamphindi ndithu asanatsike. Kalasi yonse inaombera m'manja, mnyamata uja anangoti kukamwa yasa. Aphunzitsi sanamuseke, anangopita pomwe anali n'kumuuza kuti achimwene mphamvu muli nazo zokwanira anthu awiri, chatsala n'choti musiye kukankha pansi ngati mukulimbana napo, bweretsani chifuwa kuno, n'kuika dzanja lawo patsogolo pake kuti alilondole ndi mphumi. Vuto lake linanso linali chiuno cholimba, kunyonyomala mpaka pansi kumamukanika nde mawondo samafika kumtunda kwa mikono, amathera pa zigongono.

Pa vuto ngati limenelo ali ndi njira yabwino. Amakuimika pa buloko ya yoga, kachipangizo kooneka ngati njerwa, mapazi onse awiri pamwamba pake, kuti chiuno chiyambe chili kale m'mwamba, nde mawondo amafika m'khwapa mosavuta ndipo ulendo wopita kutsogolo umafupika. Kutsogolo kwako amaika pilo kapena bulangete lopinda, ena amawaikira buloko yoimika kuti atsamirepo mphumi kaye uku akuyesa kunyamula phazi limodzi, kulibweza, kunyamula linalo. Palinso yochita utagona chagada, mawondo kuwakokera ku mikono manja atakankha m'mwamba, kaimidwe komweko koma kotembenuza, apa ndi pomwe umadziwira kuti mimba ndi imene imagwira ntchito yambiri chifukwa popanda pansi pokuthandiza mawondo amangofuna kuthawa. Zonsezi zimathandiza kuti munthu asaone ngati walephera chifukwa sananyamuke tsiku loyamba, aliyense amakhala ndi poyambira pake.

Amaphunzitsanso kagwedwe, ndipo ichi ndinachikonda kwambiri. Asanalole aliyense kunyamula mapazi onse awiri amayamba aonetsa okha mmene ungagwere, kubweza mapazi pansi msanga ukaona kuti zikupitirira, kapena zikakanika kupinda zigongono, chibwano kuchibweza ku chifuwa n'kugubuduzikira pa phewa chambali, osati kulandira ndi nkhope kapena kuima pamutu mwangozi thupi lonse n'kutsamira pa khosi. Kutalika kwake kuchoka pa mphuno kufika pansi ndi kochepa, koma mano ndi mphuno sizifuna mtunda wautali kuti zivulale. Ovala magalasi amawauza avule, zomwe ndi zanzeru.

Nanga phindu lake? Ndinena zomwe thupi langa laona ndi zomwe zili zomveka, zinazo ndizisiya pambali. Mikono yakumunsi ndi kagwiridwe ka zala zimalimba, izi nde zosachita kufunsa. Nyama ya kumbuyo kwa mkono, triceps ija, imagwira ntchito yoletsa zigongono kupindika mopitirira. Pali mnofu wina m'mbali mwa nthiti kunsi kwa khwapa, serratus anterior, umene umagwira fupa la kumbuyo kwa phewa kuti likhale lomamatira ku nthiti, umenewu mu crow umadzuka chifukwa umakhala ukukankha pansi msana wakumtunda utaukweza, ndipo mawa lake umamva kuwawa pamalo pomwe sumadziwa kuti pali mnofu. Mimba imalimba chifukwa ndi imene imakokera mawondo m'mwamba, mkati mwa ntchafu namonso chifukwa mawondo amayenera kufinya mikono kuti asaterereke. Chiuno chimamasuka chifukwa cha kunyonyomala kuja. Kwa munthu amene akufuna kudzafika pa handstand, kuima ndi manja miyendo ili chilili m'mwamba, kapena zina zovuta, apa ndi poyambira pabwino chifukwa uli pafupi ndi pansi.

Phindu lina ndi la m'mutu, ndipo sindikunena zauzimu ayi. Ukakhala m'malere muja sungaganize za ngongole kapena meseji yomwe sanakuyankhe, ukangoganiza zina wagwa basi. Kwa masekondi ochepawo maganizo amakhala pamodzi. Komanso pali kena kake kamene kamachitika munthu ukadutsa pa mantha aja, thupi limati tigwa iwe n'kupitabe kutsogolo pang'ono n'kupeza kuti sunagwe. Anthu akuluakulu sitikhala ndi mipata yambiri yophunzira chinthu chatsopano ndi thupi, nde chisangalalo chake chimakhala chachibwana ndithu, umafuna kuuza aliyense kkkk.

Koma zomwe analemba pa kapepala kawo kotsatsa nde zina anawonjezera mchere. Akuti crow imachotsa mafuta a pamimba, imatsuka zoipa m'thupi, imakonza kagayidwe ka zakudya. Aaa ayi. Mafuta sachoka pamalo amodzi chifukwa choti walimbitsa mnofu wa pamenepo, amachoka thupi lonse malinga ndi kadyedwe ndi kuchuluka kwa zomwe ukuchita. Zotsuka m'thupi ndi ntchito ya chiwindi ndi impso, sizidikira kuti uime ndi manja. Ndipo kaimidwe ka masekondi angapo sikangalowe m'malo mwa masewero ena onse, a bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO mu malangizo awo a 2020 amati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi zapakatikati mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kuphatikizapo zolimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposa. Crow ingathandizeko mbali ya minofuyo koma kuyenda ndi kuthamanga kukufunikabe. Chabwino n'choti aphunzitsi eni akewo m'kalasi sanatchuleko zimenezi olo kamodzi, zikuoneka kuti kapepalako analemba ndi a ku ofesi.

Tsopano ku nyenyezi ndachotsa ija. Polembetsa sakufunsa chilichonse cha thanzi lako. Dzina, nambala, basi lowani. Palibe fomu yofunsa ngati unathyokapo dzanja, ngati uli ndi BP, ngati ndiwe woyembekezera, ngati unachitidwapo opaleshoni posachedwa. Chomwe chinachitika n'choti titakhala kale pa ma mat aphunzitsi anafunsa mokweza kuti alipo amene ali ndi vuto lililonse, kalasi yonse zii. Nanga ndani angaimike dzanja pakati pa anthu osawadziwa n'kunena kuti ine ndili ndi mimba ya miyezi iwiri sindinauzebe aliyense, kapena ine ndili ndi chophuka? Palibe. Anthu amangokhala chete n'kuchita nawo. Kwa kalasi ya yoga wamba mwina ungati n'zazing'ono, koma kalasi yomwe cholinga chake n'kuika thupi lonse pa mfundo za manja nkhope itayang'ana pansi, funso limeneli liyenera kufunsidwa pambali, munthu payekha, asanapereke n'komwe ndalama.

Poti iwo safunsa, dzifunseni nokha musanapite. Choyamba ndi carpal tunnel. Pamfundo ya dzanja mbali ya chikhatho pali kanjira kopapatiza komwe mumadutsa mtsempha wotchedwa median pamodzi ndi minyewa 9 yopinda zala, nde mukakhala mothinana mtsemphawo umapanikizika, zizindikiro zake ndi dzanzi kapena kunyerenyetsa pa chala chachikulu, cholozera, chapakati ndi theka la chotsatira, kawirikawiri usiku mpaka kudzuka n'kumakutumula dzanja. Kupinda dzanja kumbuyo mwamphamvu kumawonjezera kuthinana m'kanjirako, nde ngati muli ndi zizindikiro zimenezi crow si yanu pakadali pano. Vutoli limakonda amayi oyembekezera ndi anthu a shuga, pakati pa ena. Chimodzimodzi amene muli ndi kachotupa kofewa kuseri kwa mfundo ya dzanja, kaja amati ganglion, kamapweteka dzanja likapindikira kumbuyo litasenza katundu.

Amene munagwapo n'kulandira ndi dzanja ndipo mpaka pano pamapweteka patsinde pa chala chachikulu, kapimitseni kaye. Pamenepo pali kafupa kotchedwa scaphoid, kamathyoka munthu akagwa chotero, pena sikaoneka pa X-ray yoyamba, ndipo kamachedwa kupola chifukwa magazi safikako ambiri. Kusenzetsa thupi lonse fupa loti silinalumikizane bwino ndi kudziputira mavuto a zaka. Achikulire amene anauzidwa kuti mafupa awo anayamba kufooka nawonso asamale, chifukwa mfundo ya dzanja ndi amodzi mwa malo omwe amathyoka msanga pa vuto limenelo, ndipo mu kalasi iyi kugwa ndi gawo la phunziro.

Oyembekezera, apa pali zinthu ziwiri, mimba imapanikizika ndi ntchafu komanso imafinyidwa mwamphamvu, kuwonjezera apo pali kugwa chafufumimba. Amene mwangobereka kumene makamaka kudzera opaleshoni, kapena muli ndi chophuka, dikirani adokotala akuloleni. A BP vuto lake ndi mpweya, pafupifupi aliyense wongoyamba amagwira mpweya akamanyamuka osadziwa n'komwe, nkhope n'kufiira mitsempha ya m'khosi ili tototo, ndipo kugwira mpweya uku ukudzikakamiza kumakweza BP kwa kanthawi. Aphunzitsiwa amakumbutsa pafupipafupi kuti pumani, pumani, ndipo njira yawo ndi yoti uziwerenga mokweza uli m'mwamba, ukasiya kumveka amadziwa kuti wagwira mpweya. Amene muli ndi matenda a maso aja amati glaucoma funsani a maso kaye, chifukwa mutu ukatsika kuposa mtima mphamvu ya madzi a m'diso imakwera, ndipo anthu ambiri mu crow mutu umathera pansi kuposa mmene amaganizira. Phewa lomwe linagulukapo kapena lomwe limapweteka ukakweza mkono, nalonso si loyesera.

Ndipo tisamaiwale kuti mphunzitsi wa yoga si dokotala. Ambiri satifiketi yawo yoyamba ndi ya maola 200, momwe muli zambiri, mbiri ya yoga, kapumidwe, kaphunzitsidwe, za thupi n'kagawo chabe. Mayiwa pamenepa anali oona mtima, mtsikana wina atawauza pambali kuti dzanja limachita dzanzi usiku sanayambe kumupatsa mankhwala a m'mutu mwawo, anamuuza kuti achemwali lero muchite yogona chagada yokhayo, za dzanjazo mukaonane ndi a fizo kuchipatala. Zinandisangalatsa, koma taganizani, mtsikanayo akanakhala wamanyazi bwenzi atapanikiza dzanja lomwelo ola lonse.

Pali kusiyana pakati pa kutopa ndi kuvulala ndipo izi amazifotokoza bwino. Minofu kutentha, kunjenjemera, kuwawa mawa lake, zimenezo n'zabwinobwino. Timikwingwirima kumbuyo kwa mikono pomwe mawondo amakhala natonso timabwera masiku oyamba, timatha tokha, ndipo timachepa ukaphunzira kunyamula chiuno ndi mimba m'malo mongounjika thupi lonse pa mikono. Koma ululu wobaya pamfundo, dzanzi m'zala, kumva ngati magetsi akuyenda m'dzanja, kutupa, chizungulire kapena kuona tinyenyezi, pamenepo tsika basi usadikire kuti wina akuuze. Bondo lisakhale pa chigongono penipeni, likhale kumtunda kwake kapena kunja kwa mkono. Zigongono zisatagadukire kumbali, ziloze kumbuyo. Amene zigongono zanu zimapindikira kuseri mukawongola mkono musamazikhome mpaka mapeto, zisiyeni zopinda pang'ono. Ndipo kuyesa kambirimbiri tsiku limodzi chifukwa choti watsala pang'ono ndi komwe kumapweteketsa anthu, minofu imazolowera msanga koma mfundo ndi minyewa yake zimachedwa, nde bola pang'ono pang'ono n'kumapumitsa manja masiku ena.

Za zipangizo zawo, apa pali zabwino ndi zobhowa. Ma mat omwe amabwereketsa ndi aja okhuthala ofewa a ku jimu, abwino pogona kapena pogwada koma oipa pa crow, chifukwa kumunsi kwa chikhatho kumamira nde dzanja limapindika kuposa mmene likanapindikira pansi polimba, komanso zala sizimva pansi bwino. Mat yabwino pa izi ndi yopyapyala, ya mamilimita 3 mpaka 5, yosaterera. Aphunzitsi eni ake amadziwa, amauza anthu kuti manja aike pansi penipeni kutsogolo kwa mat, nde ndimadabwa kuti bwanji malowa sagula oyenera. Ngati muli ndi yanu tengani, zithandizanso pa ukhondo chifukwa obwereketsawo sindinaone wina akuwapukuta pakati pa makalasi, ndipo nkhope yako imakhala pafupi nawo kwambiri.

Mabuloko ali nawo a mitundu iwiri, saizi yake yodziwika ija ya masentimita pafupifupi 23 ndi 15 ndi 10. A thovu opepuka aja ndi abwino kutsamirapo mphumi koma kuimapo amabonyeka n'kugwedera, a cork, opangidwa ndi khungwa la mtengo, ndi olemera komanso olimba, amenewo ndi oyenera kuponda. A cork ndi ochepa nde amene wafika mochedwa amapeza atatha. Zogwiritsa ntchito mabuloko, malamba ndi mabulangete pa yoga anazitchukitsa ndi B.K.S. Iyengar wa ku Pune, amene anamwalira mu 2014, ndipo cholinga chake chinali choti munthu amene thupi lake silinafike afikebe pa kaimidweko mosadzipweteka, nde musamachite manyazi kutenga buloko ngati n'chizindikiro cha ulesi. Chomwe alibiretu ndi tija topendekeka toika pansi pa chikhatho kuti dzanja lisapindike kwambiri, m'malo mwake amapinda m'mphepete mwa mat kapena thaulo n'kuika kumunsi kwa chikhatho zala zili pansi, zimagwira ntchito ndithu.

Kanthu kena kakang'ono komwe sanatiuze polembetsa koma n'kofunika, musadzole mafuta m'mikono ndi m'miyendo tsiku limenelo, ndipo mathalauza oterera aja a nayiloni asiyeni. Bondo likakumana ndi mkono wa thukuta ndi mafuta limangotsetsereka. Nsalu ya thonje imagwira bwino. Mphete, zibangili ndi wotchi vulani, zikhadabo zazitali nazo zimalepheretsa kukanikiza ndi nsonga za zala. Komanso musapite mutangokhuta kumene, mimba imapanikizika kwambiri.

Chiwerengero cha anthu nachonso chinandidetsa nkhawa. Mphunzitsi ndi mmodzi, wothandizira palibe, ndipo ma mat amayalidwa moyandikana moti wina akagwa chambali amagwera mnzake. Pa kaimidwe koti munthu aliyense akufunika kumuyang'ana manja, zigongono ndi komwe maso aloza, gulu lalikulu silithandiza, mayiwa amayesetsa kufika kwa aliyense koma uku akuthandiza wa kutsogolo, kumbuyo ena amakhala ayamba kale zodumpha zija. Mukapita khalani kutsogolo kapena pambali pomwe angakuoneni. Ndiye pali nkhani ya mafoni. Chakumapeto amapereka nthawi yojambula, anthu n'kuyamba kukakamira kukhala m'mwamba manja atatopa kale kuti chithunzi chituluke bwino, ndipo kugwa koipa komwe ndinaona m'kalasimo kunachitika nthawi imeneyo, mtsikana wina anatembenuza mutu kuyang'ana kamera basi n'kupita ndi chibwano pa pilo, mwayi pilo inalipo. Nthawi yojambulayo ikanapita ku kumasula manja pomaliza, komwe amangochita mothamanga chifukwa kalasi ina ikudikira pakhomo.

Ena mufunsa kuti bwanji osangophunzira pa YouTube kwaulere. Zotheka, mavidiyo abwino alipo ambiri, koma vidiyo siingakuone kuti chala chako cholozera chanyamuka kapena kuti ukuyang'ana kumapazi, ndipo wekha sungadziwe chifukwa mmene umadzimvera ndi mmene ukuonekera zimasiyana kutali. Ine ndingati pitani ku kalasi kuti wina akukonzeni poyambira, kenako muzikapitiriza kunyumba ndi pilo kutsogolo, kutali ndi tebulo ndi khoma. Ngati plank mumatha kuigwira kwa kanthawi manja osapweteka, komanso mumatha kunyonyomala olo zidendene zitanyamuka, mwakonzeka. Ngati plank yokhayo imakupwetekani pamfundo, yambani kalasi wamba kaye, iyi idzakupezani.

Ali ndi gawo lachiwiri lomwe amaphunzitsa crow ya chambali, Parsva Bakasana, pomwe mawondo onse awiri amakhala pa mkono umodzi msana utapotoka, komanso kuchoka pa crow kupita poima ndi mutu. Yoima ndi mutuyo imaika katundu pa khosi, nde ndinawafunsa a ku ofesi ngati gawo limenelo lili ndi fomu ya zaumoyo komanso ngati amachepetsa anthu. Anati fomu akuikonza, za chiwerengero afunsa kaye aphunzitsi. Ndawauza kuti andiimbire zikatheka ziwirizo, ndikalembetsa tsiku lomwelo.